Mapiritsi Osungira Chimanga: Poizoni Amene Sayenera Kugona Nafe M'nyumba

Chaka chilichonse mvula ikangokata, chimanga n'kuuma m'minda ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, banja lililonse limayamba nkhondo yachiwiri. Yoyamba idali ya mbewu, feteleza ndi khasu. Yachiwiri ndi yoteteza zimene takololazo kwa anankafumbwe kuti zitifikitse mu Janyuwale ndi Febuluwale, miyezi imene chimanga chimakwera mtengo ndipo ana amagona ndi njala m'makomo ambiri. Pa nkhondo yachiwiriyi anthu ambiri ayamba kudalira timapiritsi totuwa timene timapezeka m'misika ya m'madera athu, nthawi zambiri titachotsedwa kale m'chitini chake n'kukulungidwa m'kapepala.

Ambiri amangoti mapiritsi a chimanga. Pa zitini zake pamalembedwa mayina monga Phostoxin ndi Quickphos, ndipo mankhwala enieni amene ali m'kati mwake amatchedwa aluminium phosphide. Amakondedwa chifukwa ndi otsika mtengo, osalemera kunyamula, komanso safuna ntchito yokhuthula matumba ndi kusakaniza chimanga ndi fumbi. Koma tiyenera kumvetsana bwino pa mfundo imodzi, abale ndi alongo: mapiritsi amenewa sali m'gulu limodzi ndi Actellic kapena Shumba amene tidawazolowera. Ndi mankhwala ofukizira, amene akatswiri adawaika m'gulu la poizoni woopsa koposa, ndipo sadapangidwe kuti azigwiritsidwa ntchito m'nyumba imene anthu amagonamo.

Piritsi limene limasanduka mpweya

Mankhwala a fumbi amakhala pa njere za chimanga n'kumapha kachilombo kamene kawakhudza. Piritsi la aluminium phosphide silitero ayi. Likangotuluka m'chitini n'kukumana ndi chinyezi cha mumpweya, limayamba kufumbutuka pang'onopang'ono ndi kutulutsa mpweya wotchedwa phosphine. Mpweya umenewu ndiwo umapha. Piritsi lalikulu limalemera magalamu 3 ndipo limatulutsa galamu imodzi ya phosphine. Likatha ntchito pamatsala ufa wotuwa wonga phulusa. Pa magawo 100 aliwonse a piritsilo, magawo oposa 55 ndi poizoni weniweni, pamene mu fumbi la Actellic Super poizoni sakwana ndi magawo 2 omwe.

Mpweya wa phosphine suoneka ndi maso. Umalemererako pang'ono kuposa mpweya umene timapuma, ndipo umadutsa mosavuta m'matumba oluka, m'ming'alu ya khoma, pansi pa chitseko ndi pamwamba pa zipupa zimene sizifika kudenga. Nthawi zina umamveka fungo longa la adyo kapena la nsomba yovunda, koma fungoli si lodalirika: mphuno imazolowera msanga, ndipo munthu amene ali m'tulo sanunkhiza kanthu. Akuluakulu adanena kale kuti tsoka silinunkha.

Ukalowa m'mapapo, mpweyawu umapita m'magazi n'kukalepheretsa ziwalo kugwiritsa ntchito mpweya wabwino umene munthu akupuma. Mtima ndiwo umayamba kufooka, kuthamanga kwa magazi kumatsika, m'mapapo mumadzaza madzi, kenaka chiwindi ndi impso zimalephera. Mpaka lero palibe mankhwala ochotsa mphamvu ya poizoni ameneyu m'thupi. Munthu amene waledzera ndi mankhwala a mtundu wa Actellic madokotala amamubaya jakisoni wa atropine ndipo ambiri amachira, koma atropine sachiza phosphine. Chimene achipatala angachite ndi kuthandiza wodwalayo kupuma, kumuika madiripi ndi kuchirikiza mtima wake kufikira thupi litalimbana nazo lokha.

Gulu limene akatswiri adawaikamo

Pofuna kudziwa kuopsa kwa mankhwala, akatswiri amayesa pa makoswe a m'nyumba zofufuzira kuti aone muyeso umene umapha theka la makoswewo. Muyesowo ukachepa, ndiye kuti mankhwalawo ndi oopsa kwambiri. Kuyambira mu 1975 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lakhala likugawa mankhwala ophera tizilombo m'magulu motsata muyeso umenewu. Lero maguluwo alipo asanu: Ia ndi Ib a mankhwala oopsa zedi, II a oopsa mwapakatikati, III a oopsa pang'ono, ndi U a mankhwala amene sayembekezeka kuvulaza munthu msanga akagwiritsidwa ntchito moyenera. Pofuna kuthandiza amene sadziwa kuwerenga, m'munsi mwa pepala la malangizo mumakhala mzere wa mtundu: wofiira wa magulu awiri oyambawo, wachikasu wa gulu II, wobiriwira ngati thambo wa gulu III, ndi wobiriwira ngati msipu wa gulu lomalizalo.

Mankhwala ofukizira monga aluminium phosphide a WHO sadawaike m'magulu asanuwa, koma adawalemba pa mndandanda wapadera. Wina asaganize kuti adawasiya chifukwa ndi ofatsa. Chifukwa chake n'chakuti magulu aja amayesa poizoni wolowa pakamwa kapena pakhungu, pamene mankhwala ofukizira amapha polowa m'mapapo, choncho amafunika sikelo ina. Sikelo imeneyo ili m'ndondomeko ya GHS imene bungwe la United Nations lidafalitsa mu 2003 kuti maiko onse azilankhula chimodzi pa za mankhwala oopsa. M'ndondomekoyi, mpweya umalowa m'gulu loyamba, loopsa koposa, ngati magawo ake 100 kapena ocheperapo pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wamba akupha theka la makoswe m'maola 4. Phosphine adapezeka kuti amachita zimenezi ali pa magawo pafupifupi 11 okha. N'chifukwa chake pa chitini chenicheni pamakhala chithunzi cha chigaza ndi mafupa opingasa, pamodzi ndi machenjezo akuti mankhwalawa amapha akapumidwa, amapha akamezedwa, ndipo akakhudzana ndi madzi amatulutsa mpweya umene ungayake wokha.

Ziwerengero zimenezi zimamveka bwino tikazibweretsa m'chipinda chathu. Ku America malamulo a pantchito amati munthu wamkulu wathanzi asapume phosphine woposa magawo 0.3 pa miliyoni pa maola 8 ogwira ntchito, ndipo akafika magawo 50 amati moyo uli pangozi nthawi yomweyo. Tsono tiyerekeze chipinda cha mamita 3 m'litali, mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2.5 kupita kudenga. Mpweya wonse wa piritsi limodzi utatsekeredwa m'menemo ungafike magawo 30 pa miliyoni, kutanthauza kuti wapyola malire aja maulendo 100. Mapiritsi awiri apyola kale pa 50. Nanga banja limene laika piritsi limodzi m'thumba lililonse la matumba 10 n'kuwasanja kumiyendo kwa mphasa ya ana? Akatswiri ofukiza mbewu m'malo ambiri amaika mapiritsi pafupifupi 3 pa tani imodzi, imene ndi matumba 20 a makilogalamu 50.

Chifukwa chake ngoziyi yalowa m'nyumba zathu

Sitikunena kuti alimi athu ndi osasamala. Pali zifukwa zomveka zimene zawafikitsa pamenepa. Choyamba ndi kachilombo. Nankafumbwe wamkulu uja, amene amaboola ngakhale chitsononkho ndi mitengo ya nkhokwe, kwawo ndi ku Central America. Adapezeka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo adalowa m'dziko muno kudzera kumpoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Chimanga cha makono chimene ambiri amalima chifukwa chobereka kwambiri chimafumbwa msanga kuposa cha makolo, ndipo phulusa ndi masamba zimene agogo athu ankadalira sizimugonjetsa. Mlimi akagulanso fumbi lachinyengo kapena lotha mphamvu n'kuona chimanga chake chikusanduka ufa, amafunafuna mankhwala amene amva kuti ndi aukali.

Chachiwiri ndi umbava. Kale chimanga chinkakhala m'nkhokwe panja, pamene mphepo imawomba. Makamaka chichitikire njala ya mu 2002, mabanja ambiri amatonola chimanga chonse, kuchiika m'matumba ndi kuchilowetsa m'nyumba, kawirikawiri kuchipinda kogona kumene mbala singafike mosavuta. Poizoni amene adapangidwira nyumba zikuluzikulu zosungiramo mbewu wapezeka tsono pafupi ndi mphuno ya mwana.

Chachitatu ndi nyengo ya kwathu kuno. Nthawi yosunga chimanga imagwirizana ndi miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene ku Dowa, ku Mvera, ku Mpherere ndi m'mphepete mwa phiri la Ntchisi kumazizira kwambiri. Usiku timatseka zitseko ndi mazenera, n'kutsekanso mipata ndi nsanza. Kukazizira ndiponso mpweya ukauma, piritsi limachedwa kufumbutuka, motero limapitiriza kutulutsa poizoni masiku ambiri kuposa m'mene wogula akuganizira, ndipo ufa wotsala uja ungakhale usanathe mphamvu.

Alipo amene anganene kuti akhala akugwiritsa ntchito mapiritsiwa zaka zingapo ndipo palibe amene adafa. N'zoona kuti mpweya wina umatulukira kudenga la udzu ndi m'mipata, ndiponso sutuluka wonse nthawi imodzi. Koma kupulumuka kumeneku ndi kwamwayi chabe, ndipo kumachepa banja likamanga nyumba yabwino ya njerwa zootcha, simenti ndi mazenera a magalasi. Komanso mpweya umene wathawa m'thumbamo ndi womwewo umene ukadapha tizilombo. Kuti phosphine aphe nankafumbwe pamodzi ndi mazira ndi mphutsi zake, ayenera kutsekeredwa masiku osachepera 5 mpaka 7, kapena kuposerapo kukazizira. Akatswiri amaphimba mulu wa matumba ndi matenti osatulutsa mpweya, kupsinja m'mbali ndi timatumba ta mchenga, kuika zikwangwani zochenjeza, ndipo amavala zotetezera kupuma ndi kuyesa mpweya ndi makina asanalole munthu kulowa. M'thumba loluka zimenezi sizingatheke. Tizilombo touluka timafa, mwini wake n'kusangalala, koma mazira amatsala, ndipo piritsi silisiya chitetezo chilichonse: pakapita masabata ochepa chimanga chimafumbwanso. Choopsa china n'chakuti tizilombo topulumukato timabala tinzake tosamva mankhwala, vuto limene lapezeka kale m'maiko ambiri. Likakula kuno lidzavutitsa ngakhale nkhokwe za dziko za ku Kanengo, popeza phosphine ndiye mankhwala ofukizira mbewu amene maiko ambiri atsala nawo.

Zimene zidachitika kwina

Ngozi zoterezi zachitika ngakhale m'maiko a zipatala zapamwamba. Mu Febuluwale 2010 ku Layton, m'chigawo cha Utah ku America, ana awiri a banja limodzi adamwalira mankhwalawa ataikidwa m'nthaka pafupi ndi nyumba yawo pofuna kupha mbewa. Patangotha miyezi iwiri boma la dzikolo lidaletseratu kuwagwiritsa ntchito pafupi ndi nyumba zokhalamo anthu. Mu Janyuwale 2017 ku Amarillo, m'chigawo cha Texas, ana anayi a banja limodzi adamwalira mankhwalawa ataikidwa pansi pa nyumba, kenaka wina n'kuthirapo madzi poyesa kuwachotsa. Madziwo ndiwo adatulutsa mpweya wambiri nthawi imodzi. Mu Disembala 2021 ku London, mtsikana wa zaka 11 adamwalira mnansi wina wa m'nyumba yosanja yomweyo ataika mankhwalawa kwake pofuna kupha nsikidzi. Banja la mtsikanayo silidakhudze n'komwe mankhwalawo. Mpweya udawapeza kwawo. Pa nkhani zitatu zonsezi amene adafa ndi ana, chifukwa thupi lawo ndi laling'ono ndipo amapuma mofulumira kuposa akulu.

Zizindikiro zimene zimasocheretsa

Munthu amene wapuma phosphine amamva mutu, chizungulire, nseru, kusanza, kupweteka m'mimba, kutsegula m'mimba, kutsokomola ndi kubanika pachifuwa. Zonsezi zimafanana ndi malungo, kolera kapena chakudya choipa. Banja lonse likadzuka likusanza, maganizo amathamangira ku ndiwo za dzulo, ndipo mwana akamwalira mwadzidzidzi ena amayamba kuloza zala agogo kapena mnansi kuti ndi mfiti. Ubale umatha, midzi imagawikana, chonsecho mdani ali m'matumba amene asanjidwa pangodya. Anthu angapo ogona m'nyumba imodzi akadwala pamodzi, ndiponso nkhuku, mphaka kapena makoswe zikapezeka zitafa m'nyumbamo, funso loyamba likhale lakuti: kodi muno mwaikidwa mapiritsi a chimanga?

Zikatero, onse atuluke panja msanga, zitseko ndi mazenera zisiyidwe zotsegula, ndipo wina asabwereremo kukatenga katundu. Onse amene adagona m'nyumbamo apite kuchipatala, ngakhale amene akuoneka kuti ali bwino, chifukwa madzi a m'mapapo angayambe patapita tsiku limodzi kapena awiri. Kaya ndi ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, kaya ku Mponela, Madisi kapena Mtengowanthenga, auzeni achipatala dzina la mankhwalawo mosabisa kuti aone msanga ngati wodwalayo afunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Ngati mwana wameza piritsi, musamusanzitse ndipo musataye nthawi ndi mkaka kapena mankhwala azitsamba. Mapiritsi otsala asathiridwe madzi, asatayidwe m'chimbudzi, m'chitsime kapena mumtsinje. Funsani mlangizi wa zaulimi za katayidwe kake.

Pali chinanso chimene sitiyenera kuchibisa. A WHO amati mwa anthu asanu aliwonse amene amadzipha pa dziko lapansi, pafupifupi mmodzi amagwiritsa ntchito mankhwala a zaulimi. Kuno kwathu dzina la tameki timalidziwa chifukwa cha maliro otere. Ambiri amachita zimenezi m'kanthawi kochepa ka mkwiyo kapena kutaya mtima chifukwa cha ngongole ndi mikangano ya m'banja, ndipo poizoni akakhala patali nthawiyo imadutsa, munthu n'kukhala ndi moyo. Ku Sri Lanka, boma litaletsa mankhwala oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi magawo pafupifupi 70 pa 100 pakati pa 1995 ndi 2015, ndipo zokolola sizidatsike. Kusasunga mapiritsiwa pakhomo ndi njira imodzi yotetezera wachibale amene akuvutika mumtima osatiuza.

Lamulo lilipo, koma silifika pa kapepala

Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la mankhwala ophera tizilombo mu 2000, ndipo lamuloli lidabala bungwe la Pesticides Control Board. Limafuna kuti mankhwala aliwonse akhale olembetsedwa, wogulitsa akhale ndi chiphaso, chotengera chikhale ndi malangizo ake, ndipo ochita ntchito yofukiza ngati bizinesi akhalenso ndi chiphaso. Vuto n'lakuti ntchito yonse imene akatswiri adagwira pogawa magulu imathera pa pepala lomatidwa pa chitini. Chitinicho chikatsegulidwa, mapiritsi n'kumagulitsidwa limodzilimodzi, chigaza chija ndi mzere wofiira uja zimatsala kwa wogulitsa, ndipo mayi wogula amapita kwawo ndi poizoni wopanda dzina atamumanga pa nsonga ya chitenje. Wogulitsayonso ali pangozi, pakuti amapuma mpweyawo nthawi iliyonse akatsegula chitini.

Tikupempha bungweli, pamodzi ndi makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, apolisi ndi mafumu, kuti aziyendera misika makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, atsate kumene mapiritsiwa akuchokera, ndipo machenjezo azilembedwa ndi kuulutsidwa m'Chichewa. Dziko lino lidaonetsa kale kuti lingathe. Alimi akuluakulu a fodya akukumbukira methyl bromide, mankhwala ena ofukizira amene ankapha tizilombo m'nthaka ya nazale. Chifukwa ankawononga chophimba cha mumlengalenga chimene chimatiteteza ku ukali wa dzuwa, pangano la ku Montreal la mu 1987 lidafuna kuti athetsedwe, ndipo Malawi adawasiya pofika kumapeto kwa 2004, zaka 10 nthawi ya maiko osauka isanakwane. Zidatheka chifukwa alimi adaphunzitsidwa njira zina. Kuletsa kokha popanda kupereka njira ina sikungapindule, pakuti mlimi sangaonerere chakudya cha ana ake chikufumbwa.

Njira zina zilipo

Chiyambi cha zonse ndi kuumitsa bwino chimanga, kuchipeta, ndi kusesa mosungiramo musanalowe chatsopano. Chinyezi chisapose magawo 13 pa 100. Poyesa, ikani njere pang'ono ndi mchere wouma m'botolo louma, tsekani ndi kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Amene akugwiritsa ntchito fumbi agule m'sitolo yokhala ndi chiphaso, aone tsiku lothera mphamvu ndi kutsata muyeso wolembedwa.

Palinso matumba osalowa mpweya monga a PICS, amene adayambitsidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America pogwira ntchito ndi alimi a khobwe ku Cameroon chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ali ndi mapulasitiki awiri okhuthala m'kati ndi thumba loluka kunja. Akamangidwa bwino, tizilombo timamaliza tokha mpweya wa m'katimo n'kufa popanda mankhwala aliwonse, ndipo thumba losaboola limagwira ntchito zaka zingapo. Nkhokwe zing'onozing'ono za malata zimagwira ntchito mofananamo. Mtengo wake woyamba ndi wokwererapo kuposa wa piritsi, koma mabanja akaphatikizana kudzera m'mabanki a m'mudzi kapena m'makalabu a alimi amatha kugula. Mutu umodzi susenza denga.

Nkhaniyi ikutikhudzanso ife m'maparishi. Nthawi ya masika akhristu amapereka matumba ambiri a chimanga, ndipo nthawi zina amasungidwa m'kachipinda kogundana ndi nyumba ya akatekisiti, m'kalasi, kapena m'sitolo mmene mlonda amabisalamo kukazizira. Sukulu zogonera pomwepo zimasunganso chimanga ndi nyemba pafupi ndi mogona ana. Makomiti a tchalitchi ndi a sukulu agwirizane kuti piritsi lotere lisalowe m'nyumba iliyonse imene munthu amagonamo kapena yogundana nayo. Ngati mbewu ndi zochuluka moti zifunika kufukiza, aitanidwe anthu a chiphaso, m'nyumba yoima payokha ndi yokiyidwa.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati mumafika m'makomo mmene wailesi ndi nyuzipepala sizifika. Pa misonkhano ya miyezi yokolola patulani mphindi zochepa, itanani mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo, ndipo afotokozereni anthu tanthauzo la mzere wofiira ndi chigaza. Auzeni kuti mankhwala opanda pepala la malangizo asagulidwe ngakhale atatsika mtengo motani, pakuti safunsa adadya phula. Timasunga chimanga kuti ana athu adye ndi kukula; tisalole kuti kusunga komweko kutilande anawo.